Kuluka, kuyesa, kukwana: mawu a juzi ya zingwe ku Kawama

Tiyambe ndi mneni wamfupi amene ngakhale mwana amamudziwa: kuluka. Mukachotsa ku- wa kumayambiriro ndi -a wa kumapeto, mutsala ndi tsinde la zilembo zitatu, -luk-. Pa zilembo zitatuzi pakhala mkeka wa mlaza, dengu ndi lichero la nsungwi, mono wotchera nsomba, ukonde wa asodzi a ku Nkhotakota, komanso tsitsi la mtsikana amene wakhala pansi pakati pa miyendo ya mkulu wake. Zinthuzi n'zosiyana maonekedwe ndi ntchito, koma zili ndi khalidwe limodzi: chinthu chachitali chimadutsa pamwamba pa chinzake, kenaka pansi, kenaka pamwambanso, mpaka zonse zitagwirana zokha popanda msomali kapena ulimbo. Mkeka umagwiridwa ndi mlaza wake womwe. Pamenepo ndi pamene pagona tanthauzo loyamba la tsindeli.

Makolo athu anali ndi aneni ena oyandikana nalo, ndipo sankawasokoneza. Kupota ndi kupiringiza tizingwe pantchafu kuti tikhale chingwe chimodzi cholimba. Kusoka ndi kulumikiza zinthu ziwiri zimene zinali padera, ulusi n'kukhala mkhalapakati. Kuomba ndi ntchito ya pa chipangizo cha mitengo, imene Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankachita ndi thonje lolima okha, monga David Livingstone anawapezera mu 1859. Tsono pamene kunabwera luso lachilendo la singano ziwiri zazitali ndi mpukutu wa ulusi, chilankhulo chinali ndi aneni anayi oti chisankhepo. Chinasankha kuluka, osati kusoka, ngakhale kuti pali singano. Osati kuomba, ngakhale kuti chotuluka pamenepo ndi nsalu. Amene anayamba kutchula choncho anayang'ana chimene ulusi ukuchita, n'kuona kuti ukudzigwira wokha. Ashona anasankha chimodzimodzi: kwawo ndi kuruka.

Ndasankha kuwayesa mawu amenewa ku Kawama chifukwa kumeneko sakhala okha. Makomboni otchedwa Kawama alipo ku Kitwe ndi ku Ndola komwe, m'chigawo cha Copperbelt ku Zambia, ndipo dzinali ndi la Chibemba, lochokera ku ukuwama, kukoma kapena kukongola. Ka- wa kutsogoloyo ndi mgwirizano wa kanthu kakang'ono, ngati tikunena kuti kamalo aka kakoma. Tsinde lomweli ndi limene lili mu Chawama wa ku Lusaka. Koma yang'anani anansi ake. Kawama wa ku Kitwe ali m'dera la Chimwemwe, ndipo wa ku Ndola ali m'dera la Chifubu limodzi ndi Pamodzi. Chimwemwe ndi Pamodzi ndi mawu athu enieni, atakhala pakati pa dziko la Alamba kumene Chibemba ndiye chilankhulo cha pamsika. Kuyambira pamene njanji inafika ku Ndola mu 1909, makamaka migodi ya Nkana, Roan Antelope, Mufulira ndi Nchanga itatsegulidwa, anthu a ku Nyasaland ndi a kuchigawo chakummawa kwa Zambia anakhamukira kumeneko kukagwira ntchito, ndipo zidzukulu zawo zilipobe, zikulankhula Chinyanja m'nyumba ndi Chibemba panja.

Mayi wolankhula Chinyanja amene amakhala ku Kawama amaphunzira msanga kuti mneni wake ali ndi malire ena kumeneko. M'Chibemba, ukuluka ndi kuluka tsitsi, koma liwu lolembedwa chimodzimodzi, likangosintha kamvekedwe, limatanthauza kusanza. Za juzi amati ukupikula. Kumene ife taika zonse pansi pa tsinde limodzi, anzathu anagawa: tsitsi kwina, juzi kwina. Komabe m'maina a zipangizo akumananso nafe. Tsitsi kwawo ndi umushishi, luzi la khungwa la mtengo ndi ulushishi, tsinde limodzi losiyana mphatikira wa kutsogolo wokha. Ife tinagwirizanitsa tsitsi ndi luzi mwa mneni, iwo mwa dzina.

Chimene chimachititsa kuti nkhaniyi isakhale ya mawu chabe ndi kuzizira. Ndola ndi Kitwe zili pamtunda, mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa June ndi July kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Ababemba anaika zimenezi m'maina a miyezi: May ndi Akapepo kanono, June ndi Akapepo kakalamba, July ndi Cikungulupepo. Tsinde -pepo ndi lomwe lili mu mphepo yathu, kungoti kwawo impepo ndi kuzizira kwenikweniko, pomwe kwathu mphepo kawirikawiri ndi mpweya wowomba. Achikulire athu akati "ndikumva mphepo" amakhala akunena za kuzizira, ndiye tanthauzolo kwathunso silinafe. Palinso mneni wina amene ndimamukonda, kufunda. Madzi ofunda ndi otentherako pang'ono. Munthu amafunda bulangete. Chofunda ndi chimene amadziphimba nacho. Chilankhulo sichisiyanitsa kudziphimba ndi kutentherako, chifukwa kwa munthu wogona m'nyumba ya malata mu July ziwirizi ndi chinthu chimodzi.

Nanga juzi? Liwuli ndi dzina la chilumba. Jersey ndi kachilumba ka m'nyanja ya pakati pa England ndi France, komwe anthu anatchuka ndi zoluka za ubweya kwa zaka mazana, mpaka chovalacho chinatenga dzina la malowo. Azulu amati ijezi, Ashona ndi ife timati juzi. Taonani mmene talikhazikira m'magulu a maina athu: likakhala limodzi timati juzi yanga, ngati nyumba yanga, koma akachuluka timati majuzi anga, ngati madengu anga. Lili ndi mwendo umodzi m'gulu lina, wina m'gulu linanso, monga shati ndi mashati. Juzi yotsekula kutsogolo, ya mabatani, Angerezi amaitcha cardigan, kutengera James Brudenell, Earl wa Cardigan, amene anatsogolera asilikali a pa akavalo pa nkhondo ya ku Balaclava mu 1854. Dzinali silinazike mizu kwenikweni m'Chichewa, ndipo sindikuona chotayika. Juzi ya mabatani ikunena zonse zimene wogula afuna kudziwa, ndipo mayi woyamwitsa, amene amafuna chovala chofunda koma chotsekuka msanga, amadziwa ubwino wake kuposa mkulu wa asilikali uja.

Luso loluka juzi linafika kwa amayi a ku migodi kudzera kwa amishoni ndi m'nyumba za chisamaliro zimene makampani anamanga m'makomboni awo, kumene akazi a ogwira ntchito ankaphunzitsidwa kusoka, kuluka ndi kuphika. Ku Kitwe, bungwe la Mindolo Ecumenical Foundation, limene linakhazikitsidwa mu 1958, linali ndi sukulu ya amayi yophunzitsa ntchito zotere. Kuchokera m'makalasimo luso linayenda lokha, mayi kwa mwana, mnansi kwa mnansi, ndipo atsikana ambiri anayambira pa masipoko a njinga asanagwire singano ya m'sitolo. Singanoyo nayo ili ndi abale: Aswahili amati sindano, Ababemba inshindano. Koma ku Zambia mudzamva kawirikawiri nyeleti, lofanana ndi inaliti wa Chizulu, amene anachokera ku naald wa Chiafrikaans. Mayi mmodzi wa ku Kawama akhoza kutchula chida chomwecho m'njira zitatu tsiku limodzi, malinga ndi amene akulankhula naye.

Tifike pa ulusi. Khutu limamva kuyandikana kwa ulusi ndi luzi, ndipo Chiswahili chili ndi uzi pakati pa awiriwa. U- wa kutsogoloyo ndi wa zinthu zosawerengeka chimodzichimodzi: ufa, uchi, udzu, ubweya. Simunena kuti ndagula ulusi utatu. Mumati mipukutu itatu ya ulusi. Pa ulusi woluka juzi anthu amati wulu, ndipo apa tiyenera kuchenjera, chifukwa liwuli lasiyana ndi kholo lake. M'Chingerezi limatanthauza ubweya wa nkhosa. Kwathu likutanthauza ulusi uliwonse wonenepa wolukira, ndipo wochuluka umene umagulitsidwa m'misika ngati Chisokone ku Kitwe ndi Masala ku Ndola ndi wopangidwa m'fakitale kuchokera ku mankhwala a mafuta, wotchedwa acrylic. Kusiyanitsa n'kosavuta. Dulani kachidutswa, mukayatse ndi machesi. Ubweya weniweni umanunkha tsitsi lopsa, umazima wokha, n'kusiya phulusa lofumbutuka m'zala. Winawo umasungunuka n'kuuma kukhala kampira kolimba. Ubweya umafunditsa kwambiri ndipo umagwira bwino maonekedwe a zingwe, koma ukachapidwa m'madzi otentha n'kufikisidwa umakhwinyata n'kugwirana, juzi ya bambo n'kusanduka ya mwana.

Ubweya weniweni ku Copperbelt umapezeka kwambiri m'milu ya salaula. Liwuli ndi la Chibemba, kusankha mofufuza pa mulu, ndipo Karen Tranberg Hansen analipanga mutu wa buku lake la mu 2000 lonena za malonda a zovala zakale m'Zambia. Kwathu timati kaunjika, kuchokera ku kuunjika. Mawu awiriwa akuyang'ana msika womwewo kuchokera mbali ziwiri: kaunjika akuona wogulitsa amene waunjika, salaula akuona wogula amene akusankha. Malondawa anakula kwambiri chuma chitamasulidwa pambuyo pa 1991, ndipo anapweteka mafakitale a nsalu pamodzi ndi oluka a pamanja, pakuti juzi ya pa mulu imatsika mtengo kuposa ulusi wolukira yatsopano. Koma woluka wochenjera amapezamo phindu lina: amagula juzi yaikulu ya ubweya, osati kuti avale, koma kuti aimasule. Amayamba wayang'ana msoko. Ngati zigawo zinalukidwa chilichonse pachokha n'kulumikizidwa, ulusi utuluka wautali. Ngati zinadulidwa pa nsalu yaikulu n'kusokedwa ndi makina, atola tizidutswa tokhatokha. Ulusi womasulidwa umakhala wopindikapindika, ndiye amaukulunga pamsana pa mpando, kuunyika m'madzi ofunda, n'kuupachika pamthunzi kuti uwongoke.

Kumasula komweku kuli ndi kachidutswa koyenera kukayang'ana. -ul- ndi mphatikira wobweza ntchito m'mbuyo: kutseka ndi kutsekula, kuvala ndi kuvula, kumata ndi kumatula. Chilankhulo chimene chili ndi njira yokhazikika yobwezera mneni chimadziwa kuti zambiri zimene manja apanga, manja akhoza kuzibweza. Pa zovala zonse, choluka ndicho chimavomereza zimenezi kotheratu. Nsalu ikadulidwa molakwika yapita. Juzi ikalukidwa molakwika imabwerera kukhala mpukutu. Chifukwa chake n'chakuti mu juzi mulibe mfundo. Mfundo, paja, ndi pomangika pa chingwe, ndi potupa pa nzimbe kapena nsungwi, ndiponso ndi ganizo logwirika pa zokambirana. Paliponse ndi malo olimba amene sasuntha. Choluka ndi singano ndi magoba okhaokha, lililonse litalowa mwa linzake. Oluka amawatcha masitichi. Asodzi akadafunsidwa akadati maso, monga amanenera za maso a ukonde, ndipo ine ndimaona kuti liwu la asodzili likufotokoza bwino chinthucho.

Tsopano zingwe zenizenizo, mizere yotukuka ija imene imakwera pa juzi ikupiringizana. Angerezi amaitcha cable, chingwe chachikulu cha pa chombo, ndipo majuzi otchuka nayo ndi a ku zilumba za Aran ku Ireland. Kapangidwe kake ndi kusinthanitsa malo a masitichi. Pa chingwe cha masitichi 6, woluka amachotsa 3 oyamba n'kuwaika pa kasingano kakafupi, amaluka 3 otsatira, kenaka n'kubwerera kwa 3 aja. Akasunga kasinganoko kutsogolo kwa ntchito, chingwe chimapendekera kumanzere. Akakasunga kumbuyo, chimapendekera kumanja. Amabwereza zimenezi pakatha mizere 6 kapena 8, ndipo mbali zonse ziwiri amaluka masitichi otembenuza kuti chingwecho chitumphuke poonekera. Apa Chichewa chimaona bwino kuposa mapepala ambiri a malangizo a kalukidwe, amene amaika mitundu yonse pansi pa dzina limodzi. Magulu awiri a masitichi akamadutsana mbali imodzimodzi nthawi zonse, chotuluka ndi chopota, chofanana ndi chingwe cha khonje. Magulu atatu, tinene masitichi 9, akamadutsana mosinthana, uku kenaka uko, chotuluka ndi choluka m'tanthauzo lakale lija, chimodzimodzi tsitsi. Luso limene linabwera pa sitima kuchokera kutali lafika pamene tsinde -luk- linayambira. N'chifukwa chake mayi wodziwa kuluka tsitsi savutika kumvetsa zingwe. Zala zake zimadziwa kale kuti gulu liti likwere pamwamba. Mneni wa zimenezi tili naye, kulukana, -an- wa kuchitirana, monga kukondana ndi kuthandizana.

Zingwe zili ndi khalidwe limodzi limene limatifikitsa pa nkhani ya kukula kwa chovala: zimakoka nsalu. Masitichi 40 olukidwa wamba amatambalala kwambiri kuposa masitichi 40 okhala ndi zingwe, chifukwa podutsana amapanikizana. Woluka amene satsata zimenezi amatulutsa juzi yokongola koma yothina. Ndiye amatenga pepala la malangizo, limene ambiri amalitcha patani. Liwu lathu lake ndi chitsanzo: chi- wa chinthu, -tsanz- wa kutsanzira, -o wosandutsa mneni kukhala dzina, monga chivindikiro ndi chitseko. Chitsanzo ndi chinthu chotsanzira, ndipo wotsanzira amakhalabe munthu wina, wa manja ake. Mapepala akale a Patons ndi Sirdar amene akadali m'masutikesi a agogo analembedwera matupi a ku Britain, ulusi wa ku Britain ndi mainchesi. Ngakhale nambala za singano zimanyenga: pa mawerengedwe akale a ku Britain nambala 8 ndi mamilimita 4, ndipo nambala ikamakwera singano imachepa, pomwe nambala 8 ya ku America ndi mamilimita 5. Ine ndimakhulupirira kuti amene amatsata pepala lotere mzere ndi mzere, osasintha kanthu, sanalimvetse. Kulisintha ndiye kuligwiritsa ntchito yake.

Chida chosinthira ndi kuyesa, mneni wa nthambi zambiri. Timayesa malaya tisanagule, timayesa kukwera phiri, mwana amalemba mayeso, wopemphera amaopa mayesero, ndipo munthu akalakwitsa nkhope amati "ndimayesa ndinu auje". Pambali pake pali kuyeza, kosiyana chilembo chimodzi, kumene kwakhazikika pa sikelo, pa tepi ndi pa magazi ku chipatala. N'chifukwa chake timamva muyeso ndi muyezo zonse ziwiri. Pansi pa nthambi zonsezi pali ganizo limodzi, kuika chinthu pafupi ndi chinzake kuti uone ngati zikulingana. Woluka amachita zonse ziwiri pa kachigamba kamodzi. Amaluka kachigamba koposa masentimita 10 mbali zonse, kokhala ndi chingwe chomwe akufunacho, amakachapa, kakauma n'kuwerenga masitichi. Tinene kuti pepala likuti masitichi 22 pa masentimita 10, ndipo chifuwa cha masentimita 100 chikufuna masitichi 220. Ngati dzanja lake ndi lomasuka ndipo likupereka 20 okha, masitichi 220 omwewo atulutsa masentimita 110. Ngati ndi lothina ndipo likupereka 24, juziyo ikhala pafupifupi masentimita 92. Kusiyana kwa masitichi awiri pa kachigamba kwasanduka chikhatho chathunthu pa thupi. Akhoza kusintha singano mpaka nambala zigwirizane, kapena kusunga singano n'kuwerengera masitichi ake ake. Ambiri amaona kachigambaka ngati kutaya ulusi, koma kamamasulikanso, ndipo palibe chimene chimatayika kupatula madzulo amodzi.

Miyeso yathu yakale inali thupi lenilenilo. Nsalu inkagulidwa pa mkono, kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, ndi pa mkwamba, manja onse awiri atatambasulidwa. Mkono womwewo ndi dzina la mbali ya chovala imene imavala mkono, monganso khosi la juzi ndi chifuwa chake. Mayi amene amayeza msana wa mwana ndi chikhatho, kapena kuyala juzi yakale imene mwiniyo amaikonda n'kuyezera pamenepo, akupitiriza njira imeneyi, ndipo nthawi zambiri amalondola kuposa tebulo la masaizi.

Mneni womaliza ndi kukwana, ndipo mgwirizano wake ndi umene ndikufuna muuyang'anitsitse. Timati juzi yandikwana. Juzi ndiye mwininkhani, munthu ndiye pamtherankhani. Udindo uli pa chovala. Chikalephera timati yandithina kapena yandikulira, mlandu n'kukhalabe wa chovalacho. Tsinde lomweli likuti nthawi yakwana, ndalama zakwanira, ntchito ndaikwanitsa, ndiye kuti kufika pa mlingo woyenera, osapitirira, osaperewera. Pa juzi ya zingwe ya mabatani mlingowu umafunidwa m'malo odziwika. Kutambalala sakuwonjezera m'kati mwa chingwe, chifukwa chingwe cha masitichi 6 sichingakhale cha 7. Amawonjezera m'mbali, kunsi kwa khwapa, kumene nsalu ndi yawamba, ndipo amagawa mofanana pakati pa msana ndi zigawo ziwiri za kutsogolo. Zigawo za kutsogolozo ziyenera kuyang'anizana, zingwe za kumanja zikupendekera kwina, za kumanzere kwina. Kutalika amakuwonjezera asanafike pokhota khwapa. Mpendero amauluka ndi singano zocheperako kuti ugwire, kenaka n'kuwonjezera masitichi pa mzere woyamba wa zingwe kuti nsalu isakwinyike. Akatalikitsa juzi, amawerengeranso mipata ya mabatani, ndipo amaonetsetsa kuti batani limodzi lagwa pamene chifuwa chatambalala kwambiri, kuti isayasame. Palinso chimene pepala la ku Britain silinaganizepo: chitenje. Mayi akamanga chitenje pamwamba pa diresi, m'chiuno mumanenepa, ndiye juzi yake iyenera kuthera pamwamba pa mfundo ya chitenje kapena kukhala ndi malo okwanira kuiphimba.

Zonsezi zimachitika chifukwa cha kachidutswa kamodzi kamene timakaika pakati pa tsinde ndi -a: kulukira. Makina a m'misika amaluka majuzi a sukulu ambirimbiri pa masaizi atatu kapena anayi, ndipo ntchito imeneyo ndi yofunika. Koma -ir- amafuna munthu wodziwika, agogo, mwamuna, mdzukulu, amene mikono yake yayezedwa. Ngati wolukiridwayo ndi mwana, woluka amagula ulusi wonse nthawi imodzi kuti mtundu usasiyane, n'kusungako mpukutu umodzi. Chaka chamawa mikono ikafupika, amadula ulusi umodzi pamwamba pa mpendero, kuchotsa mpendero wakalewo, kutola magoba otsalawo pa singano, n'kuluka chotsika. Zingwe sizilumikizika bwino polukira chotsika, chifukwa magoba amasuntha ndi theka la sitichi, ndiye iye samayesa kuzipitiriza. Amangoluka mpendero watsopano wotalikirapo, umene mwanayo angaupinde chaka chino n'kuutambasula chaka chinacho.